Dabulo Yosayankhidwa

1. Mpando wopanda munthu

"Nanga wati chiyani, Silvester?"

Palibe amene anayankha. Nkhuku zinapitiriza kupalasa pansi pa mtengo wa mapichesi. Mphepo yozizira ya mwezi wa Juni inatukula kansalu ka pa tebulo n'kukabwezeranso. Galu amene anagona pansi pa mpando wofunsidwawo anadzutsa mutu, nayang'ana kumsewu.

Dailes anali kumapeto kwa khonde, akusankha mbatata ya kachewere, yaikulu m'thumba lopita kumsika, yaing'ono m'dengu la mbewu. Sanatukule maso. Funso limeneli ankalimva masana aliwonse akaweruka kusukulu, ndipo anali atazolowera kulipatsa njira ngati mmene munthu amapatsira njira njoka.

Bambo ake, a Jasper Ngozo, anakhala choongoka, makhadi awo ali m'manja. Pa tebulo panali magawo ena atatu a makhadi, ovundikira, lililonse lomangidwa ndi luzi. Lina linali kumanja kwawo, lina kumanzere, lachitatu patsogolo pa mpando wopanda munthu uja. A Ngozo anadikira. Kenako anagwedeza mutu, nanena motsitsa mawu kuti mnyamatayo akuganizabe, asamufulumize.

Silvester, mchimwene wake wa Dailes, anali atamwalira kumigodi ya ku Joni chaka chapitacho.

Amuna ambiri a ku Kandeu ankabwera kuchokera ku Halale ndi njinga, chipewa kapena galamafoni. A Ngozo, amene anagwira ntchito yoperekera zakumwa pa kalabu ya azungu ku Bulawayo, anabwera ndi masewera otchedwa buliji. Ndi masewera ofuna anthu anayi odziwa kukhala chete, ndipo zinawatengera nthawi kuti apeze atatu enawo.

Amasewera awiriawiri, mnzako atakhala moyang'anizana nawe. Musanaponye khadi ndi limodzi lomwe, mumayamba mwapikisana malonjezo: mtundu uti wa makhadi ulamule, ndipo mudya milu ingati mwa milu khumi ndi itatu. Mulu ndi makhadi anayi, limodzi la aliyense, ndipo amaudya ndi amene waponya lamphamvu. Makhadi a mnzako suwaona. Umangomva zimene walonjeza, n'kuganizira zimene ali nazo. Ukakhala wopanda cholonjeza umati, "Ndilibe mawu." Mitundu ya makhadi ndi inayi: mitima, dayamondi, maluwa, ndi ina yakuda yosongoka imene a Ngozo, pokhala Mngoni, anaitcha mikondo.

Akulu a mpingo anabwerapo kudzaona ngati inali njuga. Anakhala masana onse, sanaone kobiri, sanamvenso kanthu. Popita ananena kuti ngati limeneli ndi tchimo, ndiye kuti ndi tchimo lotopetsa, munthu alisiya yekha.

2. Tsiku limene lole inalira

Anayi aja anali awa: a Ngozo ndi mwana wawo Silvester mbali imodzi, a Kingston atelala ndi a Hilary aphunzitsi mbali ina. Dailes anaphunzira poonerera, ndipo a Hilary akachedwa ankakhala m'malo mwawo mpaka afike.

A Kingston anali ndi khalidwe lawo. Anthu ena amayamba malonjezo pansi, pa chimodzi, kuti amvane bwino ndi mnzawo. Iwo akangoona mtundu umodzi wautali m'manja, ankalumphira pa zitatu ngakhale alibe china chilichonse. Ankati telala wabwino amadula nsalu mwini wake asanasinthe maganizo.

Chifukwa cha kulumphako, a Ngozo anakhazikitsa pangano ndi Silvester. Dailes analimva kangapo, chifukwa bambo ake sankanena chinthu kamodzi.

"Tamvera, Silvester. Munthu akalumpha chonchi usamuope. Alibe ankhondo ambiri ayi. Ali ndi mtundu umodzi wautali ndi pakamwa pachangu. Chimene akufuna n'kutilanda malo okambirana, kuti ine ndi iwe tisamvane, aliyense aziyesa kuti mnzake alibe kanthu. Ndiye tipangane pompano, eni ake akumva, chifukwa pangano lobisa pa tebulo ndi umbava. Akalumpha, ine n'kunena kuti dabulo, sindikunena dabulo ya masiku onse, yoti munthu uyu agwa, chilango chake chiwirikizidwe. Ndikunena kuti mtundu wakewo ndilibe, koma inayi ndili nayo, sankha ndiwe. Pamenepo suloledwa kukhala chete. Ngakhale m'manja mwako muli zinyalala zokhazokha, tchula mtundu umene uli wautali. Wosauka ndiye ayenera kuyankha msanga, chifukwa akakhala chete wandisiya ndekha pabwalo wopanda chishango. Khomo lotulukira lilipo limodzi lokha. Ukaona kuti mikondo imene iye akudalira yadzaza m'manja mwako, yolimba, yotsatana, pamenepo nena kuti ulibe mawu, dabulo ikhale, timugwire. Koma zimenezo zimabwera kamodzi pa moyo wa munthu. Usamazidikire."

Silvester ankayankha kuti wamva, ndipo a Kingston ankati nawonso amva, ulaliki unali wabwino, chopereka chikhale sabata yamawa.

Kenako Silvester analembetsa ntchito ya kumigodi. Bambo ake anakana. Anati anaona amuna akupita ndi mapewa otambalala n'kubwera ndi chifuwa, ndipo munda wa mbatata ukufuna manja. Silvester anati munda sugula malata. Anakangana mpaka mawu anawathera. Kuyambira pamenepo ankadutsana pabwalo ngati alendo. Malo okha amene ankalankhulana anali pa tebulo la buliji, ndipo mawu ake anali a malonjezo basi.

Loweruka lomaliza anakhala pansi monga mwa masiku onse, sutikesi ya Silvester ili kale pakhomo. Makhadi anagawidwa.

A Kingston anati mikondo itatu. A Ngozo anayang'ana mwana wawo kumaso, chinthu chimene anali asanachite sabata yonseyo, nati dabulo. A Hilary anati alibe mawu. Inafika nthawi ya Silvester.

Pomwepo lole ya olembedwa ntchito inaliza hutala kumsewu. Inafika msanga kuposa mmene anauzidwira.

Silvester anayang'ana makhadi ake, naseka. Sanaseke mokweza. Anawavundikira pa tebulo, nanyamula sutikesi.

"Ndidzayankha ndikabwera," anatero. "Wina asaone."

A Ngozo sanamuperekeze kumsewu. Anakhala pomwepo mpaka fumbi la lole linatha, kenako anatenga luzi n'kumanga magawo onse anayi, lililonse palokha.

Uthenga unabwera ndi mesenjala wa ku boma mvula itayamba. Mwala unagwa pansi pa mgodi. Manda ake anali ku Joni, kumene wa kwawo aliyense anali asanafikeko. Kumudzi kunafika sutikesi, bulangete ndi nsapato. Anthu anakhuza maliro opanda mtembo, amuna anaimba nyimbo za makolo m'chilankhulo chimene achinyamata sachimvanso, abale anameta. Katundu wa Silvester anagawidwa. Koma sutikesi, mpando ndi makhadi, a Ngozo anakaniza.

3. Zimene anapangana akuluakulu

Poyamba anthu ankati ndi chisoni, chitha. Sichinathe. A Ngozo anasiya kupita kumunda. Lole ikamveka ankaimirira n'kukonza kolala ya malaya. Abusa atabwera kudzawapempherera, anawapempha kuti atsitse mawu chifukwa munthu akuganiza. Ana a sukulu anayamba kufunsana m'njira kuti, nanga wati chiyani, n'kumaseka. Akaona Dailes ankasiya, ndipo kusiyako kunkamupweteka kuposa kusekako.

Mayi ake, a Eliza Nachisale, ankasesa khonde molambalala mpando uja. Sankaukhudza ngakhale ndi tsache.

Tsiku lina akulu a kubanja la a Ngozo anabwera, nakhala ndi a Nachisale kuseri kwa nkhokwe. Atapita, mayiyo anauza Dailes zimene anagwirizana. Lolemba lole yonyamula mbatata ipita ku Balaka. Idzaima pakhomo pawo. Bambo ake akwera, ndipo kuchokera ku Balaka awatengera kuchipatala cha odwala misala. Eni ake sanauzidwe. Auzidwa kuti akukagulitsa mbatata.

Dailes anafunsa kuti adzabwera liti. Mayi ake anapitiriza kupeta nyemba.

Mawa lake, pochokera kusukulu, a Kingston anamuitana pa khonde la sitolo pamene ankasokera. Anaimitsa makina, nachotsa singano pakamwa. Nkhani ya lole anali ataimva kale, chifukwa ku Kandeu nkhani inkafika kwa atelala isanafike kwa eni ake.

Anati iwo ndi a Hilary akambirana. Munthuyo si wamisala, wangokodwa pa funso limodzi ngati ulusi pa msomali. Loweruka abwera, akhala m'malo awo, amasula luzi. Chosowa ndi munthu wokhala pa mpando wachinayi, ndipo a Ngozo sangalole mlendo.

"Iwe ndi magazi amodzi," anatero. "Ukakhala pamenepo usavutike n'kuwerenga. Munthu wonena dabulo pa mikondo amakhala akulirira mitima. Mupatse. Kaya wapezamo chiyani, ungoti mitima inayi. Ine ndi aphunzitsi tidzataya milu mwaulemu, madala apambane, agone tulo. Kugonja ndimakudziwa, sindifunika kuphunzitsidwa."

Dailes anafunsa ngati zimenezo si bodza. A Kingston anati bodza lochiritsa munthu Mulungu amaliyang'ana ndi diso limodzi, ndipo anapondanso makina.

Madzulo, akutsuka mbale kuseri kwa nyumba, Dailes anauza mayi ake. A Nachisale anaika mbale pa thandala, napukuta manja pa chitenje mosafulumira.

"Mwana wanga, ndimvere bwino, chifukwa sindibwereza. Munthu amene tinamuika m'manda tikumuona nkhope amadziwa kuti wapita. Tinamusambitsa, tinamutsazika, tinamuonetsa njira. Koma mlongo wakoyo palibe anamutseka maso mwa ife. Anakwiriridwa ndi anthu osadziwa dzina la agogo ake. Munthu wotere mpando wake sukhala wopanda munthu, ngakhale maso aone choncho. N'chifukwa chake sindiukhudza. Galu uja ukuganiza kuti amagona pansi pake chifukwa cha mthunzi? Ukakhala pamenepo wakhala pamiyendo pa wakufa. Ukatenga makhadi ake watenga pakamwa pake. Ndinapereka mwana mmodzi ku lole, mwamuna ndikumupereka Lolemba, ndiye iwe ukufuna nditsale ndi nkhuku? Sindikuloleza. Koma ndinakubala ndine, khosi lako louma ndimalidziwa, n'la bambo ako. Ndiye ukakakamira, imva ichi. Wakufa samunamizira. Usamuike m'kamwa mawu amene iye sakananena. Wamoyo ukamunamizira amakutengera kubwalo, mlandu n'kutha. Wakufa alibe bwalo. Amabwera yekha."

Atatero ananyamula mbale n'kulowa m'nyumba.

4. Loweruka

Kunacha ndi nkhungu, ndipo mpaka masana dzuwa linali lisanalimbe. A Kingston anafika atavala jekete, a Hilary ali pambuyo ndi ambulera yawo yosatsegula. A Ngozo sanadabwe kuwaona. Anangoti achedwa.

Aliyense anakhala pamalo pake akale. A Kingston anayesa nthabwala ya kuzizira, koma inagwera pansi. Anamasula luzi pa gawo lawo, a Hilary chimodzimodzi. Makhadi awo anali atawaiwala, ndipo anawayang'ana ngati munthu amene wakumana ndi m'bale wa kutali.

Dailes anatuluka m'nyumba atavala diresi la kusukulu. Mayi ake anaima pakhomo, manja atapinda pachifuwa.

Mtsikanayo anagwada pafupi ndi bambo ake.

"Bambo, achimwene achedwa. Ndiloleni ndiwagwirire makhadi."

A Ngozo anamuyang'ana. Kenako anamufunsa ngati pangano akulidziwa. Anati akulidziwa. Anamufunsa ngati akulidziwa lonse. Anati lonse. Bambowo analoza mpando ndi chibwano.

Galu anatuluka pansi pa mpando, napita kukaima pakati pa bwalo.

Mpandowo unali wozizira kuposa mphepo. Dailes anakhala kumapeto kwake, msana osatsamira. Luzi linali litauma, mfundo yake inakana, mpaka anailuma ndi mano. Makhadi a bambo ake anali atakuda ndi kupindika chifukwa chogwiridwa tsiku ndi tsiku. Awa anali oyera ngati ogula dzulo. Kumbuyo kwa limodzi kunali chidindo cha chala chachikulu, cha dothi lofiira la kumunda. Dailes anasuntha chala chake kuti chisagwere pomwepo.

A Ngozo anati malonjezo abwerezedwe, kuti aliyense amve.

"Mikondo itatu," anatero a Kingston.

"Dabulo."

"Ndilibe mawu," anatero a Hilary.

Dailes anatambasula makhadi. Anali osanjidwa kale, monga mmene Silvester ankasanjira, mtundu umene ankaukonda kwambiri uli kutsogolo. Kutsogoloko kunali mikondo. Mfumukazi, jeki, teni, naini, eyiti. Isanu, yotsatana, yopanda mpata pakati. Mitima inalipo iwiri yokha, yaing'onoing'ono, kumapeto.

Pansi pa tebulo, nsapato ya a Kingston inagunda mwendo wa mpando wake. A Hilary ankayang'ana denga. Bambo ake anali atatsamira kutsogolo, pakamwa patatseguka pang'ono, ngati munthu amene akudikira dzina lake pa mndandanda.

Kutali, cha kumsika, lole ina inaliza hutala. Aliyense anaimva. Palibe anatembenuka kupatula galu.

Dailes anayang'ananso mikondo isanu ija. Anayang'ana mayi ake pakhomo. Kenako anayang'ana bambo ake kumaso.

"Ndilibe mawu."

Nkhope ya a Ngozo inagwa. Anaika makhadi awo pa tebulo pang'onopang'ono.

"Nawenso?" anatero.

A Kingston analowererapo msanga. Anati mwanayo wachita mantha, lilime laterereka, abwereze, palibe amene wamva. A Hilary anavomereza kuti iwonso sanamve bwino, mphepo yachuluka. Pakhomo, a Nachisale anatembenuka ngati akulowa m'nyumba, koma anaima dzanja lili pa chitseko.

A Ngozo anayamba kuimirira. Anati chaka chonse adikira, ndipo m'nyumba mwawo mulibe munthu woyankha akaitanidwa, wamoyo kaya wakufa.

"Sindinalakwitse, Bambo," anatero Dailes. "Munandifunsa ngati ndikulidziwa lonse. Ponyani khadi."

5. Mikondo isanu

A Ngozo anakhalanso pansi, osati chifukwa chokhulupirira, koma chifukwa sanasiyepo masewera pakati chibadwire. A Kingston anapumira m'mwamba nati nawonso alibe mawu. Lonjezo linakhala lawo: milu itatu pamwamba pa isanu ndi umodzi yoyambirira, yonse isanu ndi inayi, mikondo ikulamula, dabulo ili pamutu.

A Ngozo anaponya esi ya mitima, khadi lalikulu koposa mumtunduwo. Monga mwa lamulo la masewerawo, a Hilary, mnzake wa wolonjeza, anayala makhadi awo onse poyera pa tebulo.

Panali mkondo umodzi wokha, waung'ono.

A Ngozo anauyang'ana. Anayang'ana m'manja mwawo, mmene Dailes anadzaona pambuyo pake kuti munalibe mkondo ndi umodzi womwe. Milomo yawo inayamba kuyenda. A Kingston akalumpha ankakhala ndi isanu ndi iwiri, zimenezo Kandeu yense ankadziwa. Umodzi uli pa tebulo. Mikondo yonse ndi khumi ndi itatu.

Milomo inaima. Anatukula maso, nayang'ana kumbuyo kwa makhadi amene mwana wawo wamkazi anagwira, pamene panali chidindo chofiira chija.

Anadya mulu woyamba ndi esi, wachiwiri ndi mfumu ya mitima. Wachitatu a Kingston anaudula ndi mkondo waung'ono. Tsopano zotaya milu mwaulemu zinali zitatha, chifukwa panalibe chotaya. Telala uja anakhala bwino, naponya esi ya mikondo. Dailes anaika eyiti. Anaponya mfumu. Dailes anaika naini. Nthawi zonse ziwiri a Ngozo anataya khadi la mtundu wina, maso ali pa dzanja la mwana wawo.

A Kingston anaponya mkondo wachitatu, pang'onopang'ono, ngati munthu woponda pa mlatho wa mitengo yofumbwa.

Dailes anaika teni, nadya. Pambuyo pake anaika jeki, nadya. Anaikanso mfumukazi.

Khadi lililonse likagwa, a Ngozo ankaliyang'ana mpaka mulu utachotsedwa. Anali makhadi amene anagona patsogolo pawo mvula yonse ndi chilimwe chonse, ndipo sanawasuzumire ngakhale tsiku limodzi.

Masewera atatha, a Kingston anali atagwa ndi milu itatu. Anavula chipewa, nakanda mutu. Anati chaka chonse akhala akudya bwino ndi kugona bwino, osadziwa kuti ali m'dzenje. Akanadziwa akanasamukira ku Manjawira.

Palibe anaseka. A Ngozo ankayang'ana mpando umene Dailes anakhalapo, koma tsopano ankayang'ana Dailes.

"Ankaseka inu, a Kingston," anatero motsitsa. "Tsiku lija. Sankaseka ine."

A Hilary anatulutsa mpango n'kuyamba kupukuta magalasi amene anali oyera kale.

A Ngozo anafunsa Dailes chifukwa chake sanangotchula mitima, popeza aliyense pa tebulopo ankafuna atero, ngakhale nsapato ya atelala. Dailes anayankha kuti makhadiwo sanali ake. Bambowo anagwedeza mutu, nati mtsikana amene angathe kukhala chete anthu atatu akumukankha kuti alankhule, ameneyo angathe kusewera ndi aliyense.

Kenako anachita chinthu chimene chinachititsa a Nachisale kusiya chitseko n'kutsika pakhonde. Anasonkhanitsa milu yonse, yawo ndi ya adani, akuda ndi oyera pamodzi. Anaigawa pakati, naisakaniza. Phokoso la makhadi linamveka bwalo lonse. Anasakanizanso, mpaka panalibe munthu akanatha kunena kuti ili linali la yani.

Anauza Dailes kuti mpandowo aulowetse m'nyumba, chifukwa chinyezi chiuwononga, ndipo iye alibe pokhala akamawerenga.

A Nachisale anayang'ana mwamuna wawo monga mmene ankayang'anira mtambo nthawi yobzala. Anawafunsa ngati akumva njala. A Ngozo anati akumva, ndipo anafunsa kuti mbatata ya kumunda wa kumtsinje yakumbidwa kapena ikudikira chiswe. Linali funso loyamba la zakumunda chifikire mesenjala uja.

Mayiyo anatembenukira kwa a Kingston. Anawapempha kuti podutsa pamsika auze dalaivala wa lole ya mbatata kuti Lolemba asavutike kuima pakhomo pano. Zachipatala zatha. Akulu a kubanja akawauza okha.

"Ayi, aime," anatero a Ngozo.

Onse anawayang'ana. Anali akuika makhadi m'kabokosi kake, limodzi limodzi, mosafulumira. Anati za lole anazidziwa kalekale, nkhokwe ilibe chitseko. Sanakwiye.

"Kuchipatala sindipita, Nachisale, wanena zoona. Koma lole ndikwera. Unditulutsire sutikesi ya mnyamata uja ndi jekete yanga yoyera. Ndikupita ku Joni, ndikaone manda a mwana wanga."

Anatseka kabokosi, nakaika m'manja mwa Dailes, nalowa m'nyumba. Pa tebulo panatsala tizidutswa tinayi ta luzi. Mphepo inakankha kachidutswa kamodzi, kanagwera pansi, ndipo galu, amene anali ataima pabwalo nthawi yonseyi, anayamba kuyenda yekha kulowera kumsewu.